WOZIMITSA MOTO ASAMANGIDWE PAMODZI NDI WOYATSA

Pali anthu ena m'dziko muno amene akangomva mau awiri okha, "kampani" ndi "chitetezo", amayamba kukuwa chiganizo chisanathe. Anthu amenewa, amene ambiri a iwo nzeru zawo amakazitola ku misonkhano ya m'mahotela, amaphunzitsa kuti lamulo lililonse lotchinjiriza kampani ku milandu ndiko kugulitsa dziko kwa eni chuma akunja. Chiphunzitso chotere chimakoma m'khutu, ndipo chingathe kusokeretsa ngakhale wapampando wa nthambi wa mtima woongoka kapena kalaliki wa Boma wokhulupirika pa ntchito yake. Nchifukwa chake nkoyenera kuti atsogoleri a Chipani m'zigawo, m'maboma, m'madera ndi m'nthambi, pamodzi ndi onse ogwira ntchito za Boma, aimvetse bwino nkhani ya chitetezo cha m'malamulo kwa makampani amene amathamangira kukathandiza pakagwa ngozi ya mafuta kapena ya gasi, kuti tsiku limene osokonezawo adzaimirira pa msonkhano, padzapezeke wowayankha ndi mfundo.

Nkhaniyi siyovuta monga mmene eni phokoso amaionetsera. Chitsime cha mafuta chikaphulika, kapena sitima yonyamula mafuta ikasweka pa mwala, kapena galimoto ya petulo ikagubuduzika pa mseu, pamalopo pamapezeka magulu awiri. Gulu loyamba ndi eni ake a mafutawo, amene amadya phindu malonda akamayenda bwino. Gulu lachiwiri ndi aja aitanidwa ngozi itachitika kale: eni sitima zokoka zinzake, akatswiri otseka zitsime, opopa mafuta otayika ndi odzutsa magalimoto akugwa. Tsono ngati m'kati mwa ntchito yopulumutsayo chinthu china chaonongeka, alipire ndani? Kumudzi funso lotere silifika ndi kubwalo komwe. Nyumba ikapsa, mnansi amene wagwetsa mpanda ndi kuponda ndiwo za pakhomo pothamanga ndi ndowa ya madzi saitanidwa kwa anyakwawa kuti akalipire mpandawo. Woitanidwa ndi uja anasiya moto pafupi ndi udzu. Makolo anauthetsa kalekale mlandu umenewu pamene anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Koma maiko olemera, ndi maloya awo onse, anataya zaka makumi angapo ndi magombe ambiri asanafike pa nzeru imene mwana wa Sitandade 5 amaidziwa.

Wina angafunse chifukwa chimene Boma silingagwirire lokha ntchito imeneyi ndi kusiya makampani kunja. Yankho nlakuti palibe Boma pa dziko lapansi limene limasunga zida zonse ndi akatswiri onse ofunika pa ngozi yogwa kamodzi pa zaka makumi awiri. Chitsime cha gasi chitayaka ku Gassi Touil, m'chipululu cha Sahara ku Algeria, mu Novembala 1961, moto unalilima kufikira Epulo 1962, ndipo amene anadzauzimitsa anali Red Adair wa ku Texas ndi anyamata ake, kampani ya munthu payekha. Asilikali a Iraq atayatsa zitsime zoposa 600 ku Kuwait mu 1991, anaitanidwanso makampani, a ku America, a ku Canada ndi a maiko ena, ndipo chitsime chotsiriza chinatsekedwa mu Novembala chaka chomwecho. Akatswiri otere ngowerengeka, ndipo palibe amene angawakakamize kukwera ndege. Akamva kuti dziko lowaitana lili ndi chizolowezi chogwira wothandiza, amapeza chifukwa chochedwera, kapena amayamba atumiza loya asanatumize zida.

Chimene chinachitika ku France mu 1978 chiyenera kuwerengedwa modekha. Pa 16 Malichi chaka chimenecho, m'mawa, sitima yaikulu yotchedwa Amoco Cadiz, itasenza matani oposa 220,000 a mafuta osayenga, inaonongeka chiwongolero ili pafupi ndi gombe la Brittany, nyanja itakalipa. Sitima yokoka ya ku Germany yotchedwa Pacific, ya kampani ya Bugsier, inamva uthenga nkufika chakumasana. Pamene amalinyero anali kulimbana ndi chingwe pakati pa mafunde, akaputeni awiriwo anali kulimbana ndi mau a pangano. Wa Pacific ankafuna pangano lozolowereka la opulumutsa sitima, lotchedwa Lloyd's Open Form, limene mwa masiku amenewo linkati wolephera salandira kanthu koma wopambana amalandira mphotho molingana ndi mtengo wa zimene wapulumutsa. Wa Amoco Cadiz ankafuna kulipira ngati ganyu wamba wokoka, ndipo pa mfundo imeneyi anayenera kufunsa mabwana ake ku Chicago. Chingwe chinaduka, mphepo inakankhira sitimayo kumtunda, ndipo usiku womwewo inakhala pa miyala ya ku Portsall. Mafuta onse anathera m'nyanja ndi kudetsa gombe lotalika makilomita oposa 300, asodzi ndi eni malo ogona alendo nkutsala manja ali m'khosi.

Nanga wothandiza uja analandira chiyani? Analandira samani. Kampani ya Bugsier inakokeredwa ku bwalo la milandu ku Chicago pamodzi ndi eni sitima ndi amene anaimanga, ndipo inakhala m'mlanduwo mpaka 1984, pamene woweruza Frank McGarr anagamula kuti olakwa anali a Amoco, amene sanasamale bwino chiwongolero cha sitima yawo, ndi kampani ya ku Spain imene inaimanga, ndi kuti a Bugsier analibe cholipira kwa odandaulawo. Chilungamo chinaoneka ndithu, koma chinaoneka patapita zaka 6 za kulipira maloya ku dziko la eni. Eni sitima zokoka m'madoko onse a ku Ulaya anaiona nkhani imeneyi, ndipo anawerengera okha mtengo wa kuthamangira kulira kwa mnzako pa nyanja.

Sikuti wothandiza ndi mngelo ai, ndipo malamulo a maiko sanamuyese mngelo. Mu 1965, ku Persian Gulf, sitima ya mafuta ya ku Japan yotchedwa Tojo Maru inagundana ndi inzake, ndipo kampani ya Wijsmuller ya ku Holland inadzatenga ntchito yoipulumutsa. Ntchito ili pafupi kutha, katswiri wawo womira pansi pa madzi anakhomera chitsulo pa thanki imene inali isanachotsedwe mpweya woyaka, ndipo sitimayo inaphulika. Mu 1971 bwalo lalikulu la ku Britain, la House of Lords, linagamula kuti kampaniyo ilipire. Chigamulocho chinaopsa opulumutsa sitima ponseponse, pakuti chinaonetsa kuti kulakwa kwa wantchito mmodzi kungathe kumeza kampani yonse, kotero kuti mu 1976 maiko anagwirizana ku London kuti nawonso opulumutsa akhale ndi malire a ndalama zimene angalipiritsidwe. Kenaka mu 1992, pokonzanso pangano la 1969 la za kuonongeka kobwera ndi mafuta a m'sitima, maiko analemba mfundo imene eni phokoso sakonda kuitchula. Mfundoyo imati wolipira chipukuta misozi ndi mwini sitima, amene ayenera kukhala ndi inshuwalansi, ndipo munthu wopulumutsa sitima movomerezedwa ndi mwini wake kapena molamulidwa ndi akuluakulu a Boma, ngakhalenso aliyense wochitapo kanthu kuti kuonongeka kuchepe, asasumiridwe, pokhapokha ngati anaononga mwadala kapena anachita mosalabadira akudziwa kuti kuonongeka kotere kutsatira. Wodandaula sanalandidwe kanthu pamenepa. Anangosonyezedwa khomo loyenera kugogoda, limenenso kuseri kwake kuli ndalama.

Kumene lamulo lotere kunalibe, zinthu zinayenda mochititsa manyazi. Pa 27 Julaye 2003 sitima ya Tasman Spirit inatitimira polowera pa doko la Karachi ku Pakistan itanyamula matani pafupifupi 67,000 a mafuta ochokera ku Iran. Kampani ya Tsavliris ya ku Greece inaitanidwa, nkuyamba kupopera mafutawo m'sitima zina, koma mu Ogasiti sitimayo inathyoka ndipo matani pafupifupi 30,000 anatayika. Nthawi imeneyo Pakistan inali isanalowe m'pangano la 1992, motero akuluakulu a kumeneko, posowa pogwira ndalama, anagwira anthu. Amuna 8 analetsedwa kutuluka m'dzikomo, ndipo mmodzi wa iwo anali mkulu woyang'anira ntchito yopulumutsa wa Tsavliris, munthu amene anaponda ku Karachi sitimayo itatitimira kale. Anawalola kupita kwawo mu Epulo 2004. Uku ndiko kumanga wozimitsa moto pamodzi ndi woyatsa, ndipo amene amaomba m'manja akamva kuti "mzungu wa mafuta wagwidwa" afotokoze kuti ndi katswiri uti amene angavomere msanga kuitana kwa doko lotere ngozi ikadzagwanso.

Dziko la America, limene anthu ake amadziwika ndi kukonda kusuma, linaphunzira pa ngozi yake. Sitima ya Exxon Valdez itagunda mwala ku Prince William Sound ku Alaska pa 24 Malichi 1989 ndi kutaya malita pafupifupi 41 miliyoni, Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inakhazikitsa lamulo la Oil Pollution Act mu 1990. Lamulolo linaumitsa dzanja pa mwini mafuta, koma m'menemo munalowanso ndime yoteteza wothandiza. Ndimeyo imati munthu wopereka chithandizo kapena uphungu motsata dongosolo la Boma la pa ngozi, kapena molamulidwa ndi Boma, salipira kuonongeka kotuluka m'ntchito yakeyo, ndipo ngongoleyo imagwera mwini mafuta. Chitetezocho chili ndi mipanda yake. Mwini ngozi sachipeza, ngakhale atavala ovololo nkumakolopa nawo mafuta ake omwe. Wosasamala monyanyira ndi wolakwa mwadala sachipeza. Ndiponso sichikhudza milandu ya kuvulala kapena imfa ya munthu. Aliyense wonena kuti ndime yotere ndi mphatso kwa eni mafuta, mwina sanaiwerenge, mwina anaiwerenga koma akuyembekeza kuti omvera ake sadzaiwerenga.

Lamulo limeneli linayesedwa pa moto mu 2010. Usiku wa pa 20 Epulo, nsanja yokumbira mafuta ya Deepwater Horizon, imene inali kukumba chitsime cha kampani ya BP m'nyanja ya Gulf of Mexico, inaphulika mpweya utakwera m'chitsimemo. Anthu 11 anafa. Otsala 115 anapulumukira m'sitima yonyamula katundu yotchedwa Damon B. Bankston, imene inali pafupi. Sitima zina zinathamangira pamalopo ndi kuthira madzi pa motowo, koma pa 22 Epulo nsanjayo inamira, ndipo chitsime chinalavula mafuta masiku 87 chisanatsekedwe pa 15 Julaye. Bwalo la milandu linadzapeza kuti migolo 3.19 miliyoni inalowa m'nyanja, mgolo umodzi kukhala malita 159. Ntchito itafika pachimake panali anthu oposa 45,000 ndi zombo zikwi zingapo, zambiri za izo za asodzi wamba amene analembedwa ganyu pakuti nsomba zinali zitaletsedwa kugwira.

Utsi usanathe, masamani anayamba kuuluka. Eni sitima zija zinathira madzi pa moto anasumiridwa, ponena kuti madzi awo ndiwo anamiza nsanja ndi kuthyola mpope. Mlandu umenewo woweruza Carl Barbier wa ku New Orleans anautaya mu 2011. Makampani amene anatola mafuta pa nyanja, kuwatentha ndi kuwawaza mankhwala anasumiridwanso ndi anthu odandaula za matenda, podzera pa mpata uja lamulo linasiya wa milandu ya kuvulala. Kampani ya Nalco, yopanga mankhwala omwaza mafuta otchedwa Corexit, inachotsedwa m'mlandu mu 2012, koma makampani ena othandiza anadikira mpaka 2016 kuti bwalo livomereze kuti iwo ankatsata malamulo a mkulu wa Boma woyang'anira ntchitoyo. Zaka 6 zinanso, ngati za Bugsier zija. M'zaka zomwezo bwalo silinagone pa olakwa enieni. Mu 2014 woweruza yemweyo anapeza kuti BP inasasamala monyanyira, nagawa kulakwa motere: magawo 67 pa 100 kwa BP, 30 kwa Transocean, eni nsanja, ndi 3 kwa Halliburton, amene anathira simenti m'chitsime. Onsewa analipo ngozi isanachitike ndipo ankadya nawo, choncho palibe ndime ya wothandiza imene ikanawaphimba. Mu 2016 bwalo linavomereza kuti BP ilipire madola 20.8 biliyoni kwa Boma la America ndi zigawo zisanu zokhudzidwa.

Pali mfundo imodzi ya otsutsa imene siyenera kunyozedwa, ndipo mtsogoleri wa Chipani woiyankha mwachipongwe adzachita manyazi pamaso pa anthu. Mwa aja anatola mafuta m'magombe a Louisiana ndi m'zombo zawo, ambiri anadandaula za chifuwa, zilonda za pakhungu ndi kuwawa kwa maso, atapuma mafuta ndi mankhwala amene anawazidwa malita pafupifupi 7 miliyoni. Anthu amenewa atapita ku bwalo anauzidwa kuti makampani owaza mankhwalawo sangaimbidwe mlandu. Misozi yawo njeniyeni. Koma mlandu wawo uyenera kulondoledwa mpaka kumene unachokera. Kuwaza mankhwala anavomereza ndi mkulu wa Boma, atayeza kuipa kwa mankhwala ndi kuipa kwa mafuta ofika m'madambo. Woyendetsa ndege yowaza akanakana, akanakhala wosamvera pa nthawi ya ngozi. Ndipo mafuta amene anachititsa zonsezi anali ndi mwini wake. Mu 2012 BP inalowa m'mgwirizano wolipira odwala, ndipo ambiri anadandaula kuti zimene analandira nzochepa ndi kuti njira yake njaitali. Chilema chili pamenepo, pa mgwirizano wofewa ndi mwini ngozi, ndipo mankhwala ake ndi kufupikitsa njira yochokera kwa wodwala kupita ku thumba la mwini mafuta. Kulanda zombo za wothandiza kungapatse odwala owerengeka kangachepe lero, koma mawa lake nyanja idzakhala yopanda woithamangira.

Ngati eni phokoso akufunadi pokuwira, malo ake alipo, koma ndi ena. Lamulo lomwe lija la 1990 linaika malire a ndalama zimene mwini chitsime cha pa nyanja angalipire pa kuonongeka kwa chuma cha anthu, ndipo mu 2010 malirewo anali madola 75 miliyoni okha, kupatula ndalama zoyeretsera. Poyerekeza ndi kuonongeka kwa ku Gulf of Mexico, ndalama imeneyi inali ngati mchere wa pa nsonga ya mpeni. BP sinabisale kuseri kwa malirewo, koma kampani yaing'ono kapena youma mtima ikanayesa. Malire a mwini mafuta ndi chitetezo cha wothandiza ndi zinthu ziwiri zosiyana ngati mbuzi ndi fisi, ndipo amene amaziika m'khola limodzi ndi osokoneza a mitundu iwiri. Oyamba ndi aja a m'mahotela, amene amakana zonse ziwiri kuti aoneke olimba mtima. Achiwiri, oopsa koposa, ndi maloya a makampani okumba ndi onyamula mafuta, amene amabwera ku maofesi a Boma atavala bwino, nkupempha kuti mau akuti "wothandiza" atambasulidwe mpaka aphimbe kampani yawo, nthambi zake ndi onse amene inawapatsa makontrakiti. Mlembi wa unduna wovomereza pempho lotere ndiye wogulitsa dziko weniweni.

Zonsezi zikumveka ngati nkhani za kutali, za maiko a nyanja zamchere. Koma Malawi sakumba mafuta akeake, ndipo dontho lililonse la petulo ndi dizilo limalowa m'dziko muno pa mseu kapena pa njanji kuchokera ku madoko monga a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Magalimoto onyamula mafuta amadutsa pa Mwanza, pa Dedza ndi pa Songwe usana ndi usiku, ndipo ochokera kumpoto amayenda m'mbali mwa nyanja asanakwere mapiri a Chiweta, pamene aliyense wodziwa mseuwo nthawi ya dzinja sangafune kuuzidwa zambiri. Pa 17 Novembala 2016, ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, galimoto yonyamula petulo kuchokera ku Beira kubwera kuno inaphulika anthu atauunjikira kutunga mafuta, ndipo anafa oposa 70. Galimoto yodzaza petulo ikaima kapena kugwa pakati pa midzi, ola lililonse limene yakhala pamenepo limaitana khamu la anthu ndi zigubu. Apolisi angatchinge mseu, ozimitsa moto a khonsolo angabwere ngati mzinda uli pafupi, koma wopopa mafutawo kuwachotsa pamalopo ndi mwini galimoto ina yopanda kanthu, ndipo wodzutsa yakugwayo ndi mwini makina olemera, mwina kontrakitala amene akukonza mlatho chapafupi. Munthu ameneyu akaimbiridwa lamya pakati pa usiku, ali ndi ufulu wofunsa kuti, thanki ikang'ambika poidzutsa mafuta nkulowa mumtsinje kapena m'dimba la munthu, mlandu udzakhala wa yani. Bwanamkubwa wopanda yankho lolembedwa m'lamulo adzamva kuti makina aonongeka kapena dalaivala wapita kumaliro.

Pa nyanja nkhani njokulirapo. Lamulo la dziko lino la kufufuza ndi kukumba mafuta linalembedwa mu 1983, zaka 6 Exxon Valdez isanasweke ndiponso zaka 27 Deepwater Horizon isanaphulike. Mu 2011 Boma linapereka chiphaso chofufuza mafuta m'zigawo zina za nyanja ya Malawi kwa kampani ya Surestream Petroleum ya ku Britain. Palibe chitsime chimene chikutulutsa mafuta pa nyanjayi, koma maganizo okumba sanafe, ndipo pakali pano mafuta amayenda kale pamwamba pa madziwo m'matanki a zombo. Nyanja imeneyi, imene paki yake ya ku Cape Maclear inalembedwa ndi UNESCO mu 1984 kaamba ka mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse, ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, ndilo mtsinje wa Shire, ndipo madzi ake amatenga zaka mazana kuti asinthike. Mafunde a ku Brittany anathandiza kutsuka miyala ya kumeneko. Mafuta olowa m'nyanja ya Malawi alibe kopita koma m'magombe a usipa ndi chambo, ndi mu Shire mmene muli makina a magetsi ndi mipope ya madzi akumwa a mzinda wa Blantyre. Madzi akatayika saoleka, nanji mafuta.

Pali zinthu ziwiri zimene wogwira ntchito za Boma ayenera kuzisunga pamtima pa nkhani ya nyanjayi. Pangano lija la 1992 limanena za sitima zoyenda pa nyanja zamchere. Silifika pa nyanja ya m'kati mwa dziko, silifika pa chitsime, silifikanso pa mseu wa M1. Chitetezo cha wothandiza kuno chingachokere m'malamulo a dziko lino okha ndi m'mapangano amene Boma limasaina ndi makampani. Chachiwiri, sitima zikuluzikulu zopulumutsa za ku Durban kapena ku Cape Town sizingakwere mathithi a Kapichira, Tedzani ndi Nkula. Akatswiri akunja adzafika pa ndege patapita masiku, zida zawo pambuyo pake. Oyamba kufika pa ngozi adzakhala eni zombo za pa nyanja pomwepa, makampani a usodzi, makontrakitala ndi asodzi a ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi ndi maboti awo a injini. Choncho pamene eni phokoso akuwa kuti lamulo lotere likuteteza azungu, adziwe kuti woyamba kumuvula chitetezo ndi Mmalawi mnzawo wa boti limodzi, amene alibe loya ngakhale wa ku Limbe.

Tsiku lililonse limene lamulo la mafuta, lamulo la zachilengedwe kapena pangano ndi kampani yokumba lidzakhala pa tebulo, akuluakulu a maunduna okhudzidwa, a bungwe loyang'anira za mphamvu la MERA ndi aphungu a Chipani m'Nyumba ya Malamulo ayenera kufunafuna ndime ya wothandiza ndi kuiwerenga liu ndi liu. Inene poyera kuti mwini mafuta, wowanyamula, wokumba ndi aliyense amene anali pa ntchitoyo ngozi isanagwe sali m'gulu la othandiza. Inene kuti kuonongeka kochitika m'kati mwa ntchito yopulumutsa ndi ngongole ya mwini mafuta, ndi kuti chiphaso sichiperekedwa kwa kampani imene sinaonetse inshuwalansi yokwanira ngongole yotere, pakuti kuteteza wothandiza popanda thumba la mwini ndiko kusiya mlimi wa dimba lija chimanjamanja. Wothandiza wobwera ataledzera, kapena woyatsa fodya pambali pa thanki, kapena wokana malangizo a woyang'anira, ayankhe yekha mlandu wake. Ndipo kampani yothandiza isamasulidwe ku udindo wake kwa antchito ake: kuwapatsa zovala zodzitetezera ndi kuwalipira akavulala monga malamulo a apantchito anenera.

Chotsala ndi chimene chinapulumutsa makampani othandiza a ku America mu 2016, ndicho umboni wakuti ankamvera mkulu wa Boma wodziwika ndi udindo wake. Chitetezo chimayenda pamodzi ndi kumvera, ndipo kumvera kumafuna kuti wolamula adziwike. Lamulo litchule amene ali ndi mphamvu yoitana wothandiza ndi kumulamula pa malo a ngozi, kaya ndi Bwanamkubwa, kaya mkulu wa apolisi wa m'bomalo, kaya wa ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, litchulenso womugwirira akakhala palibe. Ofisala ameneyo akhale ndi buku lolembamo dzina la woitanidwa, ola limene waitanidwa ndi ntchito imene wapatsidwa, ndipo ngati kuitanako kwachitika pa lamya usiku, kulembedwe m'bukumo kusanache, tsamba lake lina lipite kwa wothandizayo.